Masiku 381 osakwera basi: anthu a ku Montgomery ankafika bwanji kuntchito?

Kabaza_wa_Biwi
Anthuni ndithandizeni. Nthawi zonse mitengo ya minibasi ikakwera pamapezeka wina pa Facebook wolemba kuti tinyanyale tisakwere, ati anthu akuda a ku America anatha chaka chathunthu osakwera basi mpaka azungu anagonja. Ine nkhani imeneyi ndimaikayikira. Chaka chathunthu? Mayi wogwira ntchito m'nyumba ya mzungu kutali ndi kwawo ankafika bwanji? Ife kuno tikati tinyanyale, ikamakwana 10 koloko anthu ali kale piringupiringu pa siteji kulimbirana mpando. Ndiye kaya anthuwo anali ndi magalimoto awo kaya nkhaniyi anangoithira mchere. Odziwa tiuzeni.

Chikoti77
Si ya Rosa Parks ija? Gogo wina anatopa pochokera kuntchito, anakana kupatsa mzungu mpando, nkhani yonse ndi imeneyo

Nangozo
Gogo wake uti achimwene? Mayi Parks anali ndi zaka 42 pomwe ankamangidwa pa 1 December 1955. Ndipo za kutopazo eni ake anazitsutsa ali moyo, anati thupi silinatope kuposa masiku ena onse, chinawatopetsa ndi kugonjera. Anali mlembi wa nthambi ya ku Montgomery ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, kuyambira 1943, ankalemba madandaulo a anthu akuda omenyedwa ndi amayi ogwiriridwa omwe apolisi sankafuna n'kuwamva komwe. Chaka chomwecho cha 1955 anali atapita ku maphunziro a omenyera ufulu ku Highlander Folk School ku Tennessee. Si munthu woti anangodzidzimuka tsiku limenelo.

Chikoti77
Chabwino sanali gogo. Koma mpando anakana eti?

MphunzitsiWopuma
Anakana ndithu. Koma a Kabaza kuti mumvetse chifukwa chomwe anthu analimbira mtima muyambe mwaona mmene basiyo inkayendera. Mipando yakutsogolo inali ya azungu okha, ngakhale ikhale yopanda munthu wakuda sankakhalapo, ankaimirira kumbuyo akuiona. Pakati panali mipando yoti akuda akhoza kukhala, koma mzungu akasowa malo dalaivala ankalamula mzere wonse kuti unyamuke, anthu anayi kuimirira chifukwa cha mzungu mmodzi, poti lamulo silinkalola kuti akhale mzere umodzi. Ndi zomwe zinachitika tsiku limenelo, atatu ananyamuka, mayi Parks anangosendera kuwindo.

Ndiye panali china chowawa kwambiri. Munthu wakuda ankakwera khomo lakutsogolo, n'kulipira 10 cents yake, n'kutsikanso kuti akalowere khomo lakumbuyo. Madalaivala ena ankangoyiyendetsa basiyo munthu ali panja ndalama atalipira kale. Dalaivala yemwe anamangitsa mayi Parks, James Blake, anali atakanganapo nawo kale mu 1943 pa nkhani ya khomo yomweyi. Chonsecho pa anthu anayi aliwonse okwera mabasi amenewa pafupifupi atatu anali akuda. Kampani inkadya ndalama za anthu omwe inkawanyoza.

Kabaza_wa_Biwi
Aphunzitsi zimenezo ndamva ndipo zikupsetsa mtima. Koma funso langa likadali pompo, mkwiyo suyendetsa munthu makilomita 10 m'mawa uliwonse. Ankafika bwanji?

Nangozo
Yambani ndi usiku womwe anamangidwawo. Linali Lachinayi. E.D. Nixon, bambo wogwira ntchito m'sitima zapamtunda komanso mkulu wa bungwe la antchito, anakawatulutsa pa belo. Usiku womwewo mayi wina wophunzitsa pa Alabama State College, Jo Ann Robinson, analowa mu ofesi ya pa koleji ndi ophunzira awiri n'kusindikiza timapepala masauzande ambirimbiri mpaka mbandakucha, touza anthu kuti Lolemba pasapezeke wokwera basi. Anatha kutigawa tsiku limodzi chifukwa bungwe lawo la amayi, Women's Political Council, linali ndi anthu pa sukulu iliyonse ya akuda ndipo ganizo lonyanyala anali nalo kale, mu 1954 anali atalembera kale meya kumuchenjeza. Lamlungu abusa analengeza m'matchalitchi. Lolemba pa 5 December mabasi anayenda opanda anthu.

Dziwani kuti poyamba anagwirizana tsiku limodzi lokha. Madzulo ake pa msonkhano wa ku Holt Street Baptist Church m'pomwe anthu anavota kuti zipitirire, ndipo tsiku lomwelo anasankha Martin Luther King kukhala wapampando wa bungwe latsopano, Montgomery Improvement Association. Anali ndi zaka 26, mbusa wachilendo mumzindamo, analibe adani ambiri pakati pa abusa anzake.

MphunzitsiWopuma
Tsopano za mayendedwe. Sabata zoyamba madalaivala a taxi achikuda ankanyamula anthu pa 10 cents, mtengo wa basi. Akuluakulu a mzinda anafukula lamulo loti taxi isalipiritse zochepera 45 cents, njira imeneyo inatsekeka. Ndiye anakonza zoti eni magalimoto azinyamula anzawo. Magalimoto pafupifupi 300 anaperekedwa, anakhazikitsa malo okwererapo ndi otsikirapo ambirimbiri mumzinda wonse, panali anthu ongokhalira kugawa kuti uyu apite uku uyo apite uko, kuyambira mbandakucha. Nzeru imeneyi King anaifunsa kwa m'busa T.J. Jemison wa ku Baton Rouge, komwe anthu ananyanyalapo mabasi mu 1953 kwa masiku ochepa. Kenako mipingo inagula magalimoto akuluakulu n'kulembapo maina a matchalitchi. Makampani a inshulansi a mumzindamo atawakaniza, anakapeza inshulansi ku Lloyd's ya ku London. Apolisi apamsewu ankaima pa malo okwererawo kugwira madalaivala pa tizifukwa ta ziii, King yemwe anamangidwapo ati wathamangitsa galimoto. Ndipo ambiri ankangoyenda pansi ndithu, nyengo yozizira, nsapato kutha.

Zigege_Queen
Mwaiwala amene ankagula petulo. Panali mayi wina wophika, Georgia Gilmore, anasonkhanitsa amayi anzake n'kumaphika nkhuku, makeke ndi zina n'kumagulitsa m'masaluni, m'matchalitchi ndi pa misonkhano, ndalama yonse n'kukapereka pa msonkhano wa sabata. Gulu lawo analitcha Club from Nowhere kuti azungu asadziwe amene akupereka, poti ambiri ankagwira ntchito m'nyumba za azunguwo ndipo akanachotsedwa. Zinali ngati banki mkhonde, kungoti phindu lake linkathera mu thanki ya galimoto. Iyeyo ntchito inamuthera atakaperekera umboni kukhothi, anangotsegula malo odyera kunyumba kwake.

Chikoti77
Kkkk ndiye mukuti ufulu unabwera ndi makeke

Zigege_Queen
Galimoto imayenda ndi ulaliki? Sekani.

MphunzitsiWopuma
Chinanso choseketsa, madona ambiri achizungu ankapita okha pa galimoto kukatenga antchito awo, poti kuchapa ndi kulera ana sakanatha. Meya anachita kudandaula poyera kuti asiye. Sanasiye.

Loya_wa_mawa
Ndilowepo pang'ono, chifukwa mukukometsa kwambiri. Kuyenda pansi sikunasinthe lamulo. Onani zomwe ankapempha poyamba: madalaivala aziwalankhula mwaulemu, akuda azikhala kuyambira kumbuyo azungu kuyambira kutsogolo popanda wonyamutsidwa, ndiponso alembe madalaivala achikuda m'misewu ya kumadera a akuda. Sanapemphe n'komwe kuti tsankho lithe. Ndipo ngakhale zochepa zomwezo mzinda unakana miyezi yonseyo, kampani ikuluza ndalama koma osagonja. Chinathetsa nkhani ndi mlandu wa Browder v. Gayle womwe loya wachinyamata Fred Gray anakasuma kukhothi la boma lalikulu pa 1 February 1956. Mu June majaji awiri mwa atatu anati tsankho la m'mabasi likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, Supreme Court, khothi lalikulu kwambiri la dzikolo, inavomereza pa 13 November, chikalata chinafika ku Montgomery pa 20 December, anthu anakwera basi pa 21. Rosa Parks sanali n'komwe pa mndandanda wa odandaula pa mlandu umenewu.

Nangozo
A loya, nanga anthu akanabwerera m'mabasi mu January mlanduwo ukanakhala ndi mphamvu yanji? Amayi anayi aja, Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin, analimba mtima kuika maina awo pa pepala chifukwa kumbuyo kwawo kunali mzinda wonse. Wachisanu anachotsa dzina lake ataopsezedwa. Ndipo chigamulo cha Brown v. Board cha 1954 chinati masukulu asakhale atsankho, koma ku Alabama zaka zinadutsa ana akuphunzirabe mosiyana chifukwa panalibe gulu lokakamiza tsiku ndi tsiku. Pepala la khothi palokha siliyenda.

Loya_wa_mawa
Sindikukana achemwali. Koma taonani izi. Pa 13 November pomwepo, tsiku lomwe uthenga wa Supreme Court unafika, King anali m'khothi lina la mumzindamo pomwe jaji ankamva pempho loti magalimoto onyamula anthu aja aletsedwe, ndipo analetsedwadi. Sabata zisanu zomalizazo anthu anayenda pansi popanda magalimoto aja. Chigamulo cha ku Washington chikanachedwa miyezi ina isanu ndi umodzi mukuganiza akanapirira? Ine ndikukayika.

Nangozo
Anali atapirira kale bomba kunyumba kwa King pa 30 January mkazi ndi khanda ali mkati, anali atapirira atsogoleri pafupifupi 90 kuzengedwa mlandu mu February. Atamva kuti akufunidwa anavala zovala za kutchalitchi n'kukadzipereka okha kupolisi anthu akuwaombera m'manja panja. Anthu otere musawayeze ndi sabata zisanu.

Mwana_wa_Ndirande
Inu mukukamba za mabasi a ku America, nanga ife amene amatipanikiza anayi anayi pa mpando wa anthu atatu, kondakitala atakukhalira pa bondo, chenji osabweza? Ufulu wathu uli kuti

Chikoti77
Kondakitala ndi wakuda mnzako amwene, umusumira kuti kkkk

Mwana_wa_Ndirande
Dzulo lomweli wina wanditsitsa pa Ginnery Corner ati galimoto yatembenuka ikubwerera ku Limbe, ndalama ndinalipira ya mpaka mtauni

Admin_Gulu
Za makondakitala zili ndi ulusi wake kale. Tibwerere ku Montgomery chonde.

Nachisale_265
Ine chimandipweteka ndi nkhani ya Claudette Colvin. Mtsikana wa zaka 15, pa 2 March 1955, miyezi isanu ndi inayi Rosa Parks asanamangidwe, anakana kunyamuka, apolisi anachita kumukoka kumutulutsa m'basi akukuwa kuti ndi ufulu wake. Atsogoleri anakambirana zoti ayambire pa iye koma anamusiya. Anali wamng'ono, wa kudera la osauka, anamuonjezera mlandu womenya wapolisi, kenako anadzapezeka ndi mimba, ndiye anati azungu adzamunyoza m'manyuzi. Anadikira munthu wooneka bwino pamaso pa anthu, wapabanja, wa kutchalitchi, wofatsa. Ndiye ngakhale pakati pa oponderezedwa pali osankhidwa ndi otayidwa. Pamapeto pake umboni wa mtsikana yemweyo ndi umene unathandiza kupambana mlandu.

MphunzitsiWopuma
Mwanena zoona mayi, koma ndiwaikire kumbuyo pang'ono a Nixon. Ankadziwa anthu omwe ankalimbana nawo. Mu August chaka chomwecho mnyamata wa zaka 14, Emmett Till, anaphedwa ku Mississippi ndipo omupha anamasulidwa ndi bwalo la azungu okhaokha. M'dziko lotero ukalakwitsa posankha mlandu sumapatsidwa mwayi wachiwiri. Kunali kuwerengera kozizira mtima, komabe kunali kuwerengera.

Nachisale_265
Kuwerengera kwa abambo. Osindikiza mapepala amayi, ophika amayi, oyenda pansi ambiri amayi, odandaula kukhothi amayi. Pa msonkhano wa Holt Street uja mayi Parks anangowaimiritsa kuti anthu awaone, sanapatsidwe mpata wolankhula.

WakuJoni_Alex
A Kabaza musaganize kuti ndi za ku America zokha. Kuno komwe ndikukhala ku Alexandra zinachitika mu January 1957, patangopita sabata zochepa Montgomery itatha. Kampani ya PUTCO inakweza mtengo ndi 1 penny yokha, kuchoka pa 4 kufika pa 5. Anthu anati Azikwelwa, sitikwera, n'kumayenda pansi makilomita pafupifupi 15 kupita mtauni ya Johannesburg, madzulo 15 enanso kubwerera, kwa miyezi itatu. Apolisi ankaimitsa anthu kufunsa mapasi, kuphwetsa matayala a njinga. Mapeto ake mtengo unabwerera pa 4, ndalama yotsalayo anaisenza olemba anthu ntchito. Uku kunalibe Supreme Court yowamvera chisoni a loya, miyendo yokha.

Loya_wa_mawa
Anapambana penny. Apartheid inakhalapobe mpaka 1994.

WakuJoni_Alex
Penny imeneyo inali buledi wa ana. Inu simunayendepo kuchoka Alex kukafika mtauni

Mlongo_ku_Bristol
Kunonso ku Bristol zinachitika mu 1963. Kuno akuda ankakhala paliponse m'basi, vuto linali loti Bristol Omnibus Company sinkalemba akuda kapena amwenye ntchito ya udalaivala ndi ukondakitala, ndipo antchito achizungu eni ake ankagwirizana nazo. Paul Stephenson, mmodzi wa atsogoleri a akuda kuno, anaimbira foni kampaniyo kumupezera mnyamata wina, Guy Bailey, tsiku la intavyu, atamva kuti ndi wa ku West Indies anamukana. Ananyanyala miyezi inayi. Kampani inagonja pa 28 August 1963, tsiku lomwe King ankalankhula ku Washington. Stephenson ankanena yekha kuti anatengera za ku Montgomery. Lamulo loyamba loletsa tsankho ku Britain linabwera mu 1965.

ChipataBoy
Kwathu ku Zambia agogo amakamba za mabutchala. M'zaka za m'ma 1950 munthu wakuda sankalowa mu butchala ya mzungu, ankagulira pa kawindo kumbali, nyama yake osaiona, amangokukulungira zomwe afuna. Chipani cha Congress cha Harry Nkumbula chinauza anthu kuti asiye kugula, amayi n'kumaima pakhomo kubweza anzawo.

MphunzitsiWopuma
Kawindo kameneko kunonso ku Nyasaland kanaliko m'masitolo ena a azungu, pamodzi ndi zovula chipewa ukakumana ndi bwana pamsewu. Ndipo ubale wathu ndi akuda a ku America ndi wakale kuposa Montgomery. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anaphunzira pa sukulu ya ubusa ya akuda ku Lynchburg m'boma la Virginia, nthawi yomwe malamulo a tsankho otchedwa Jim Crow ankakhwima. Atabwerera mu 1900 ndalama zoyendetsera PIM ku Mbombwe zinkachokera ku National Baptist Convention, mpingo wa akuda, ndipo anamutumizira amishonale achikuda, Landon Cheek ndi Emma DeLany. Daniel Malikebu yemwe anadzatsegulanso PIM mu 1926 anaphunzira udokotala ku Meharry ku Nashville, komwenso Kamuzu anamaliza mu 1937.

Chikoti77
Ndiye Chilembwe anaona bwino, mzungu samva za kuyenda pansi. Anthu ake anatenga mikondo n'kupita ku Magomero. Za King zotembenuza tsaya linazo ine ayi

Nangozo
Ndipo zinatha bwanji? Anayamba pa 23 January 1915, pa 3 February anali ataphedwa, tchalitchi chake chinagwetsedwa, omutsatira ambiri ananyongedwa, thangata inapitirira zaka zina zambiri. Sindikumunyoza ayi, ndi ngwazi yathu. Koma musaganize kuti a ku Montgomery anali ofooka. King atamuphulitsira nyumba anakapempha chilolezo cha mfuti, anamukaniza, ndipo nyumba yake inkalonderedwa ndi anthu a mfuti kwa kanthawi. Anadzasiya zimenezo atakambirana ndi anthu ngati Bayard Rustin. Akuda anali ochepa m'dziko lonselo, mfuti zambiri ndi apolisi zinali kwa azungu. Usiku wa bomba uja khamu linabwera ndi zida, akanaombera wapolisi mmodzi yekha nkhani yonse ikanathera pomwepo.

Mwana_wa_Ndirande
Chondidabwitsa ine ndi Kamuzu. Munthu anakhala ku Tennessee nthawi ya tsankho, anazionera yekha, koma mu 1967 n'kukhala mtsogoleri wakuda woyamba mu Africa kutsegula ubale waukazembe ndi boma la apartheid, nduna yaikulu yawo Vorster kubwera kuno 1970, iye kupita 1971

GuleWamkulu_Fan
Ndalama zomangira Lilongwe zikanachokera kuti? Musiyeni Ngwazi

Admin_Gulu
Ya Kamuzu tikaiyamba sitigona. Wofuna atsegule ulusi wina.

Kabaza_wa_Biwi
Chabwino ndakhulupirira kuti zinachitikadi. Koma ndiye olemba pa Facebook aja akutinamiza mbali ina. Amangoti tinyanyale, osanena kuti galimoto 300 zichokera kuti, petulo agula ndani, womangidwa amulipirira belo ndani. Ine ndili ndi njinga yamoto imodzi. Mutandiuza kuti ndizinyamula anthu pa mtengo wa minibasi kwa chaka, mafuta andithirira ndani?

Zigege_Queen
Funso limenelo ndi lomwe ankayankha Lolemba ndi Lachinayi lililonse madzulo m'tchalitchi. Kuimba, kupemphera, kenako mbale ya chopereka ndi malipoti a komiti ya mayendedwe. Madalaivala ena ankalipidwa ndithu, ndalama zina zinkachokera kumipingo ndi mabungwe a antchito a kumpoto kwa dzikolo nkhani itamveka.

Loya_wa_mawa
Komanso mdani wawo ankadziwika, lamulo la mzinda ndi kampani imodzi. Minibasi zathu ndi za anthu wamba masauzande omwe nawonso akulira mtengo wa mafuta ndi ma spare. Ukanyanyala ukulanga ndani? Chofanana pang'ono ndi 2019, mademo miyezi ingapo mumsewu uku mlandu uli kukhothi, mpaka chigamulo cha pa 3 February 2020. Zonse ziwiri zinayendera limodzi.

Nangozo
Ndiye mwabwera mbali yanga a loya kkkk

Loya_wa_mawa
Ndati limodzi. Sindinati miyendo yokha.

Chikoti77
Nanga atapambana mayi Parks anawapatsa chani? Nyumba?

Nachisale_265
Anawachotsa ntchito yosoka pa sitolo ya Montgomery Fair kunyanyala kuli mkati, amuna awo Raymond, ometa tsitsi, ntchito inathanso. Mafoni owaopseza kuti awapha sankatha, mumzindamo panalibe wowalemba ntchito. Mu 1957 anasamukira ku Detroit ali ndi ngongole komanso akudwaladwala, ntchito yokhazikika anadzaipeza mu 1965 mu ofesi ya phungu John Conyers. Ku Montgomery nako sikunakhale bata, mabasi atangosakanikirana anthu ankawaombera mfuti usiku, mayi wina woyembekezera anavulazidwa miyendo, ndipo pa 10 January 1957 matchalitchi anayi a akuda ndi nyumba za abusa awiri, Ralph Abernathy ndi Robert Graetz yemwe anali mzungu, zinaphulitsidwa usiku umodzi. Claudette anapita ku New York n'kukagwira ntchito yosamalira okalamba zaka zambiri, anzake a pantchito osadziwa n'komwe kuti ndi ndani. Mlandu wake wa 1955 anadzaufufuta m'mabuku a khothi mu 2021, ali ndi zaka 82, ndipo anachita kukapempha yekha.